Khadi Lagolide ndi Mabotolo a Nanna

Hyderabad, 6 Malichi

Okondedwa Akka, achemwali anga Sailaja,

Ndikukhulupirira kuti nonse muli bwino kumeneko ku Tenali, inu, bambo athu Nanna, ndi ana anu awiriwo. Bondo la Nanna lili bwanji masiku ano? Ine kuno ndili bwino, kungoti kutentha kwayamba msanga chaka chino.

Musadabwe kuti mlongo wanu wamng'ono walemba kalata m'malo moimba foni. Pa foni simundilola kumaliza chiganizo, ndipo nkhani iyi ndi ya bizinesi, ikufunika pepala.

Chimwalirireni Amma, amayi athu, bizinesi yathu ya avakaya, mango oviika mu tsabola ndi mafuta aja, mukuiyendetsa mmene ankachitira iwo. Mango aawisi, tsabola, mchere, njere za mpiru, mafuta a chitowe, mabotolo, zonse mumagula ndi ndalama za m'chitini cha masikono. Kukoma kwa avakaya wathuyo sindikutsutsa. Koma kuno anthu a bizinesi amagula katundu ndi khadi la ngongole, amalipira kumapeto kwa mwezi, ndipo banki imawathokoza ndi ndalama.

Ndapeza makhadi awiri a banki imodzi. Loyamba ndi lagolide. Mukagula katundu wa marupi 300,000 m'masiku 90 oyambirira, amakupatsani bonasi ya 15,000 nthawi imodzi. Pachaka mumalipira 4,000 basi. Lachiwiri ndi labuluu. Lilibe bonasi, lilibenso malipiro a pachaka, limangokubwezerani marupi awiri pa 100 aliwonse amene mwagulira katundu. Kunena zoona, labuluulo ndi la anthu amantha.

Nyengo ya mango ikuyamba mwezi wamawa, nthawi imene mumagula zinthu zambiri. Mpata wake ndi womwewu. Ndaika mafomu onse awiri mu envulopu muno. Pansi pa fomu iliyonse pali nambala imene ndalemba ndi pensulo, musaifufute.

Mukapeza wobwera kuno, munditumizireko botolo limodzi. La chaka chatha ndalipala mpaka pansi.

Mlongo wanu,
Phani


Tenali, 14 Malichi

Phani,

Moni wako talandira. Tonse tili bwino. Bondo la Nanna limapweteka ndikawatuma, likakhala tsiku la msika limachira.

Kalata yako ndinawawerengera pa khonde. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Banki yopatsa munthu ndalama chifukwa wawononga ndalama? Ndiye kuti mwini wake mutu sukuyenda bwino, kapena akuganiza kuti mitu yosayenda bwino ndi yathu." Mafomu aja anatsamiritsapo kapu ya khofi. Nambala yako ya pensulo yapulumuka, usade nkhawa.

Ine ndinakhala pansi n'kuwerengera, popeza kusukulu masamu ako onse ndinkakuchitira ndine. Ndalama zambiri zimapita ku mango, ndipo alimi a ku Nuzvid ukawaonetsa khadi adzaganiza kuti ukuwaitanira ukwati. Amafuna ndalama m'manja, aziwerenge kawiri, kenako aziwerengenso mkazi wawo. Amayi asanu otidulira mango aja nawonso chimodzimodzi. Zotsala zogula ndi khadi ndi mafuta, mabotolo, mchere, tsabola ndi mpiru. M'miyezi itatu ya nyengoyi zimenezo zimafika 180,000, nditakoka kwambiri. Ndiye 120,000 inayo ndigula chiyani, njovu?

Komanso a Kotayya ogulitsa mafuta ali ndi makina a khadi, koma akuti wolipira ndi khadi amamuwonjezera marupi awiri pa 100. Ndiye kuti pa mafuta, chimene banki yandipatsa ndi dzanja ili, a Kotayya achilanda ndi linali.

Labuluu lija, la anthu amanthafe, lingandibwezere mwina 5,000 pachaka, chaka chilichonse, osathamanga ndi kalendala. Lagolide ndikalephera kufika pa 300,000 nditaya 4,000 n'kutsala ndi kakhadi konyezimira kodzipepezera mphepo.

Koma chikundidabwitsa ndi iwe. Zaka zisanu ndi chimodzi uli ku ofesi ya makompyuta, sunafunsepo mtengo wa mchere ngakhale kamodzi. Lero wandilembera masamba awiri. Pali mtsikana wa ku banki? Ngati alipo, nena, tisavutike ndi masamu. Koma mosaseka, ndinakondwa kuti wakumbukira kuti bizinesiyi ndi yakonso. Mtima wanga uli pa labuluu. Ukaona kuti pali chimene sindikuchiona pa lagolide, undilembere, ndidikira yankho lako ndisanasaine chilichonse.

Botolo lako ndapatsa dalaivala wa basi ya Lachisanu. Ukalitenge msanga, amadziwa chimene chili m'katimo.

Akka wako,
Sailaja


Hyderabad, 21 Malichi

Akka,

Moni kwa nonse. Botolo lafika, zikomo. Kalata iyi muwerenge muli nokha, ndipo Nanna musawawerengere.

Mtsikana wa ku banki palibe. Wa ku bankiyo ndine.

Kampani ya makompyuta ija inatseka gawo lathu mu Januwale. Tinachotsedwa anthu makumi anayi tsiku limodzi, aliyense ndi katoni yake m'manja. Ndinafunafuna ntchito ina osaipeza. Panopa ndimaima pakhomo la sitolo ina yaikulu, nditavala tayi, mafomu ali m'manja, kumathamangira anthu amene akufuna kungogula sopo. Malipiro enieni palibe, timadyera komishoni. Munthu akatenga labuluu ndimalandira 500. Akatenga lagolide ndimalandira 3,000, koma pokhapokha atafikadi pa 300,000 paja. Bwana wathu wanena kuti pofika kumapeto kwa Juni, amene alibe ngakhale kasitomala mmodzi wagolide wofika pamenepo asadzabwerenso. Ine pakali pano ndili ndi ometa tsitsi awiri a labuluu, ndi bambo wina amene zinapezeka kuti bizinesi yake ili m'mutu mwake mokha.

Nyumba ija ndinasamukamo, tikukhala anayi m'chipinda chimodzi. Nambala ya pensulo ija ndi yanga, yoti komishoni ibwere kwa ine.

Masamu anu ndi olondola. Ndinkadziwa ndisanalembe kalata yoyamba, ndipo manyazi akundigwira. Tengani labuluu, kapena musatenge lililonse. Ndalama za mango musaziike pachiswe chifukwa cha ine. Ntchito ndiipeza.

Nanna amauza aliyense ku Tenali kuti mwana wawo amalankhula ndi azungu pa kompyuta. Asiyeni azinena choncho kwa miyezi ingapo.

Phani


Tenali, 19 Epulo

Phani,

Ndikukhulupirira uli moyo, popeza foni suyankha, umangolemba kuti uli pamsonkhano. Ndinakupempha kuti undiyankhe za makhadi aja, mwezi watha tsopano, palibe ngakhale mzere umodzi. Ndiye mvera zimene zachitika kuno iwe uli pamisonkhano yakoyo.

Pa 27 Malichi Nanna anakhala pa khonde m'mawa wonse. Masana ndinangoona avala malaya ositidwa, akuti, "Tiye ku banki. Tenga fomu yagolide ija." Ndinawakumbutsa za mitu yosayenda bwino ija. Anati, "Ndaganizaponso. Munthu asinthe maganizo akadali ndi mano." Ndinawaonetsa masamu onse, koma dzina la pa laisensi ya bizinesi ndi lawo. Anasaina okha, n'kuloza nambala yako ya pensulo, kumuuza mayi wa pa kauntala kuti ailembe bwinobwino ndi cholembera.

Kuyambira tsiku limene khadilo linafika, m'nyumba muno mulibe mtendere. Amalikulunga m'kampango, n'kuliika m'thumba la pachifuwa. Pa kalendala ya m'khitchini azunguliza 25 Juni, ndipo m'mawa uliwonse amadula tsiku limodzi asanamwe khofi. Nambala yachinsinsi amaitchula mokweza akamaidina, moti msika wonse waiphunzira, ndasintha kawiri.

Agula mabotolo 2,000. Ife timagwiritsa ntchito 800 pachaka. Ali pansi pa mabedi, ali pamwamba pa kabati, ena ali kubafa. Ana amalowa m'chipinda chawo chammbali. Zigubu za mafuta atenga makumi awiri, a Kotayya masiku ano amawaimirira akamalowa ndipo amawaitanitsira tiyi. Matumba a mchere atseka zenera la kuseri. Dzulo abwera ndi makina omatira zivindikiro amene palibe anawapempha. Anayesanso kulipira ndi khadi kwa wometa, ndi kukachisi. Kukachisiko anawalandira.

Ndinawafunsa kuti, "Nanna, bilu ikabwera alipira ndani?" Anati, "Mango alipira." Ndinati mangowo sitinagule n'komwe, ndipo ndalama zake ndi zomwezi. Anangoyang'ana kalendala n'kunena kuti, "Kwatsala 140,000."

Ndayamba kuda nkhawa, Phani. Mwina ndi ukalamba. Ndinafunsa adokotala mwamseri, anawayeza, akuti ali bwino kuposa ine. Iwe ndi amene unabweretsa chinthu ichi m'nyumba muno, ndiye uwaimbire, uwauze kuti asiye. Amakumvera, popeza umalankhula ndi azungu.

Komanso, sindinakupemphepo ndalama chiyambire, koma bilu yoyamba ikubwera sabata imene tikufunika kulipira alimi. Pa malipiro ako a mwezi uno utumizeko 20,000. Kwa munthu wa ofesi ngati iwe imeneyo ndi ya tiyi.

Akka wako


Hyderabad, 28 Epulo

Akka,

Moni. Kalata yanu ndaiwerenga katatu.

Ndamva. Mawu a "munthu wa ofesi" ndi "ndalama ya tiyi" andilowa, ndipo mwina ndi oyenera ine. Koma ngati munakwiya, mukanangonena. Ndinakulemberani momveka chimene muyenera kuchita. Sindinapemphe kuti mundimvere chisoni, sindinapemphenso kuti mundiseke.

Nanna sindingawaimbire. Mukudziwa chifukwa chake.

Ndatumiza 2,000. Ndi zimene ndili nazo.

Phani


Tenali, 29 Juni

Phani, mwana wa amayi anga,

Moni. Uwerenge utakhala pansi, ndipo usayankhe usanafike kumapeto.

Miyezi iwiri sindinakulembere chifukwa ndinakwiya. Ndinapempha 20,000, unatumiza 2,000 ndi mwano pamwamba pake. Ndinauza amayi odula mango kuti tauni yakudya mtima. Kenako nyengo inatipanikiza, ndinalibe nthawi ngakhale yokukwiyira bwinobwino.

Lachiwiri lapitali kunali kutatsala masiku awiri, ndi 6,000 kuti tifike. Bondo la Nanna linatupa zenizeni, osati za masiku onse zija. Anayesa kuima, analephera. Ndiye anatulutsa kampango kaja m'thumba, n'kundipatsa kuti ndikagule tsabola wina amene sitikumufuna. Nditafika kusitolo ndinamasula kampangoko. Khadi linali m'kati mwa pepala lopindidwa kanayi, lothimbirira ndi thukuta. Ndinaona malembo ako, ndi deti la 21 Malichi. Ndinaliwerenga nditaima pa kauntala, mwini sitolo akundifunsa ngati tsabola walowa m'maso.

Kalata imeneyo sindinaione, Phani. Wa ku positi anaipereka kwa Nanna pa khonde, iwo n'kuitsegula. Zonse zimene ndinalemba mu Epulo ndinalemba ndisakudziwa kanthu. Ndikakumbukira za ndalama ya tiyi zija ndimafuna kulowa m'botolo limodzi mwa awa. Ndipo 2,000 ija, unadya chiyani mwezi umenewo?

Tsabola ndinagula, 300,000 inakwana. Nditafika kunyumba ndinaika kalatayo patebulo.

Ndinati, "Nanna, envulopu iyi inali ndi dzina la ndani?"

Anati, "Ndinalibe magalasi."

"Nanga munawerenga bwanji?"

"Ndinakawatenga."

Ndinati, "Mwawononga 120,000 kuti mwana wanu alandire 3,000. Bwanji osangomutumizira 3,000 imeneyo?"

Anati, "Akanaibweza. Ndalama yochokera kwa bambo ake si malipiro. Mwanayo amafunika kukaima pamaso pa bwana wake n'kunena kuti ndili ndi kasitomala."

"Nanga ine osandiuza bwanji?"

"Iwe ukanawerengera."

Ndawerengeradi. Bonasi ya 15,000 yalowa dzulo. Chotsapo 4,000 ya pachaka, 3,000 imene a Kotayya anadya, ndi 2,600 ya chiwongoladzanja chifukwa mu Meyi sitinathe kulipira bilu yonse. Yatsala 5,400. Labuluu likanatipatsa zochepa pang'ono chabe, ndikuyenda m'nyumba mwanga ngati munthu. Ndipo pa khadi pakadali ngongole ya 70,000 yofunika kulipidwa pa 20 Julayi, apo ayi chiwongoladzanja chiyamba kutidya mwezi ndi mwezi.

Chabwino chake ndi chimodzi. Mango anatsika mtengo mu Meyi, ndipo poti mafuta ndi mabotolo zinalipo kale, tadzaza 1,500. Tenali yense sangamalize zimenezo ngakhale atamadya m'mawa ndi madzulo. Ndiye 600 akubwera kwa iwe. Wazolowera kuthamangira anthu pakhomo la sitolo, tsopano uwathamangire ndi chinthu chimene akuchifuna. Anthu a kwathu kuno adzaza Hyderabad, ndipo onse amadandaula kuti avakaya wa m'masitolo amakoma ngati mankhwala. Botolo 220, usatsike pa 200. Pa lililonse 25 ndi yako. Imeneyo si chisoni ayi, ndimapatsa aliyense chimodzimodzi.

Ngongoleyi ikatha ndikukasintha khadili kuti likhale labuluu. Undiuze ngati 500 ija ingabwere kwa iwe.

Nanna akuti alemba okha. Akhala ndi cholembera kuyambira m'mawa.

Akka wako,
Sailaja


Tenali, 29 Juni

Mwana wanga Phanindra,

Madalitso kwa iwe. Ine ndili bwino. Bondo latsika.

Kalata ya mlongo wako ndinatsegula ndine. Wandikalipira kale mokwanira, iwe usawonjezere.

Usanabadwe ndinkagwira ntchito ya ukalaliki ku chigayo cha mpunga. Sailaja anali ndi zaka zitatu. Chigayocho chinagulidwa ndi anthu ena, anabwera ndi kalaliki wawo. Kunyumba sindinanene. M'mawa uliwonse ndinkavala, kutenga chitini cha chakudya, n'kupita kukakhala pa benchi ya ku siteshoni ya sitima mpaka nthawi yoweruka. Ndinachita zimenezo masiku makumi atatu ndi anayi. Nthawi za sitima zonse ndimazidziwabe.

Tsiku lina ndikubwera, ndinapeza amayi ako ayala mango pabwalo, ambiri kuposa a banja limodzi. Anati, "Aneba akufuna kugula avakaya, koma ine sindidziwa kulemba mabuku. Mukanakhala ndi nthawi mukanandithandiza." Ndinati ndiyesa kupeza nthawi. Mawa lake sanandiikire chakudya m'chitini. Za chigayo sanandifunsepo mpaka tsiku limene anatisiya. Bizinesi imene ukuidziwayi inayamba choncho. Mlongo wako zimenezi sakuzidziwa, ndipo envulopu iyi ndamata ndekha.

Ine ndinafuna kuchita ngati amayi ako, koma luso lake ndilibe. Iwo sanawononge ndalama iliyonse. Ine ndadzaza bafa ndi mabotolo.

Komishoni yako ikabwera ugule nsapato, munthu woima tsiku lonse amafunika nsapato zabwino. Ntchito ya makhadiyo ukafuna pitiriza, ukafuna isiye. Ya makompyuta ikapezeka, chabwino. Anthu a ku msika ndawauza kale kuti tatsegula nthambi ku Hyderabad ndipo woyang'anira ndiwe, ndiye usandichititse manyazi. Anzako usawapatse pa ngongole. Wofuna kulawa alawe ndi kasupuni kakang'ono.

Lole ifika Lachinayi m'mawa pa msika wa zipatso wa ku Kothapet, ndi mabokosi makumi asanu. Dalaivala wake sakudziwa nkhope yako. Ndamuuza kuti ayang'ane munthu wowonda, wa makutu ngati anga.

Bambo ako,
Subbarayudu